Ndege ya sukulu imene inasanduka kabawi ku Nova Freixo

Munthu akatsika sitima ku Cuamba n'kufunsa anyamata ogulitsa malonda pa siteshoni kuti kodi bwalo la ndege la m'tauni muno linali la ntchito yanji kale, ambiri angomuyang'ana kumaso. Ena anena kuti ndi pamene amatera akuluakulu a boma akabwera kudzayendera chigawo chathu cha Niassa. Koma funsani gogo wa zaka 70 wa ku Massangulo, ku Itepela kapena ku Mitande za ndege imene inkalira ngati sowo yocheka matabwa m'nthawi ya Apwitikizi. Iye sayamba wafunsa kuti mukunena ndege iti, pakuti kulira kwake kukadali m'makutu mwake mpaka lero.

Ndege imeneyo dzina lake ndi T-6. Angerezi ankaitcha Harvard, ndipo Amereka ankaitcha Texan. Chimene ambiri a ife sitidziwa n'chakuti amene anaipanga sanaipangire nkhondo ya m'tchire ayi. Inali ndege ya sukulu, yophunzitsira anyamata kuyendetsa ndege. Nkhani ya mmene ndege ya sukulu inasandukira kabawi wa pamwamba pa midzi yathu ndi imene ndafuna tikambirane lero, chifukwa ndikuona kuti tikuilola kupita kumanda pamodzi ndi agogo athu, pamene muli phunziro limene likutikhudza ife amoyo.

Tiyambe ndi ndegeyo. Inabadwira ku Amereka, ku kampani ya North American Aviation. Kholo lake, lotchedwa NA-16, linauluka koyamba m'mwezi wa April chaka cha 1935. Masiku amenewo maiko akuluakulu anali kuona kuti nkhondo ili pafupi, ndipo ndege zankhondo zinali kupangidwa zaliwiro ndi zovuta kuyendetsa. Mnyamata amene waphunzira pa kandege kofatsa ka nsalu ndi matabwa sakanatha kungokwera ndege yankhondo tsiku lomwelo osadzipha. Panafunika ndege yapakati, yolemera ndi yamphamvu ngati yankhondo, koma yokhala ndi mipando iwiri, wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, aliyense ndi zowongolera zake.

T-6 inakwaniritsa zimenezi. Kutambasuka kwa mapiko ake ndi pafupifupi mamita 13, ndipo kutalika kwa thupi lake ndi pafupifupi mamita 9. Injini yake, ya kampani ya Pratt & Whitney, ili ndi masilinda 9 oikidwa mozungulira ngati masipoko a njinga, ndipo mphamvu yake ndi ya akavalo 600. Ikathamangitsitsa imapitirira pang'ono makilomita 330 pa ola. Magudumu ake amapindikira m'mapiko ikanyamuka. Kulira kwake kwaukali kuja kumene agogo amakukumbukira kumachokera ku chopukusa mphepo cha kutsogolo, chimene nsonga zake zimazungulira mofulumira mpaka kufika pa liwiro la phokoso lenilenilo.

Wophunzira pa ndege imeneyi ankayenera kudziwa kuigudubuza m'mwamba, kuuluka chagada, kukwera mozungulira ngati gudumu, kutsika chamutu, ndiponso kuidzutsa ikayamba kugwa mopota. Anthu oonera pansi amayesa kuti zimenezi ndi masewera chabe. Si masewera ayi. Woyendetsa ndege amene sanayambe wamvapo mmene ndege imakhalira ikatembenuka, tsiku limene mphepo kapena mdani adzamutembenuze adzasokonezeka mutu n'kugwa. N'chifukwa chake ndege zophunzitsira asilikali amazipanga zolimba, zopirira kupindidwa ndi kukokedwa. Gwirani mfundo imeneyi, pakuti kulimba komweku ndi kumene kunadzabweretsa tsoka kwathu kuno.

Mitundu ya ndegeyi inachuluka ngati mitundu ya nyemba. Asilikali a pamtunda a ku Amereka ankaitcha AT-6, ndipo a pamadzi ankaitcha SNJ. Angerezi anayamba kuigula m'chaka cha 1938 n'kuipatsa dzina la Harvard. Dziko la Canada linapanga zake, ndipo zomaliza zinali za mtundu wa Harvard 4 m'zaka za m'ma 1950. Dziko la Australia linatenga mapulani a kholo lija n'kupanga mbale wake wotchedwa Wirraway. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Amereka anatenga ndege zakale zambirimbiri n'kuzikonzanso, kuziika matanki aakulu a mafuta ndi mawailesi atsopano, ndipo zimenezi ndizo zinatchedwa T-6G. Zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 15,000. Ngakhale kufupi ndi kwathu kuno zinafika kale: pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 Angerezi ankaphunzitsa anyamata awo pa ndege za Harvard ku Southern Rhodesia, pa mabwalo a Cranborne ku Salisbury ndi Thornhill ku Gwelo. Makolo athu amene anapita ku Halale kukagwira ntchito m'zaka zimenezo ayenera kuti anaziona zikutembenuka m'mwamba. Ku Brazil, gulu lotchuka la Esquadrilha da Fumaça linayamba kusangalatsa anthu ndi ndege zomwezi m'chaka cha 1952.

Tsono zinatheka bwanji kuti ndege ya ana a sukulu iyambe kupha? Yankho lake ndi losavuta, ndipo n'chifukwa chake ndi loopsa. Ndege yolimba moti ingathe kutsika chamutu n'kudzukanso ingathenso kunyamula katundu kunsi kwa mapiko. Pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 Amereka anaigwiritsa ntchito yofufuza pamene pali adani n'kulozera ndege zazikulu. Afalansa, pa nkhondo ya ku Algeria ya 1954 mpaka 1962, anapitirira pamenepo: anaimangirira mfuti zachiwaya, maroketi ndi mabomba, n'kuitumiza kukasaka omenyera ufulu m'mapiri. Iwo anaona kuti polimbana ndi anthu oyenda pansi, opanda ndege zawo, ndege yaliwiro kwambiri siithandiza, chifukwa imadutsa isanaone kanthu. Yofunika ndi yoyenda pang'onopang'ono, yotha kuzungulira malo amodzi nthawi yaitali, yotera pa bwalo la dothi, yosavuta kukonza, ndiponso yotsika mtengo.

Boma la Salazar ku Portugal linaphunzira kwa Afalansa. Nkhondo itabuka ku Angola m'chaka cha 1961, ku Guiné m'chaka cha 1963 ndi kuno ku Mozambique pa 25 September 1964, Apwitikizi anasonkhanitsa ndege za T-6 zimene maiko ena anali atazisiya, zina zochokera ku France, zina ku West Germany, n'kuzibweretsa ku Africa. M'chigawo cha Niassa likulu la ndege zawo linali Aeródromo Base nambala 6, ku Nova Freixo, limene linali dzina la Cuamba m'masiku amenewo. Pansi pa bwalo limeneli panali mabwalo ang'onoang'ono ku Vila Cabral, imene lero ndi Lichinga, ndi ku Marrupa. Pamodzi ndi T-6 panali kandege ka Dornier 27 konyamula makalata, odwala ndi akuluakulu a tropa, ndiponso helikopita za Alouette. Ndege za jeti za Fiat G.91 zinabwera pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo zinkakhala ku Nacala ndi ku Tete. Koma imene anthu a m'midzi ankaiona kawirikawiri pamwamba pa mitu yawo inali T-6.

Nkhondo inakula kwambiri kumpoto, cha ku Cóbuè, Metangula, Maniamba ndi Unango, koma ndi ochepa m'chigawo chino amene siinawakhudze. Anthu zikwi zambiri anawoloka kupita ku Malawi, ku chilumba cha Likoma ndi ku Tanzania. Ena anasonkhanitsidwa m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamento, kumene ankalowa ndi kutuluka ndi chilolezo. Ena anathawira kutchire pamodzi ndi asilikali a Frelimo, ndipo amenewa ndiwo ndege ija inkawasaka. Akuluakulu amene anakhalako amasimba kuti munthu anaphunzira kuphika usiku kapena pansi pa mitengo yowirira kuti utsi usaoneke, kulima timinda tating'ono tobalalika, kusayanika nsalu yoyera poyera, ndi kugona pansi osagwedezeka akamva kulira kuja. Woyendetsa ndege ali m'mwamba sakanatha kusiyanitsa msilikali ndi mayi wochokera kukatunga madzi. Chimene ankaona ndi denga la udzu, kanjira ndi munda wa chinangwa, ndipo lamulo limene anapatsidwa linali loti zimenezo ndi za mdani. Ndi zodziwika kuti pa nkhondo zawo za mu Africa Apwitikizi anagwiritsanso ntchito mabomba amoto otchedwa napalm.

Kunena zoona, amene ankayendetsa ndegezo ambiri anali anyamata a zaka zongopitirira 20, ena a iwo ochokera m'midzi yosauka ya ku Portugal, otumizidwa ku dziko limene sanalidziwe. Ena anafera konkuno. Sindikunena izi kuti ndichepetse mlandu wa boma limene linawatuma. Ndikunena kuti tione chinthu chimodzi: mnyamata yemweyo, pa ndege yomweyo, chaka chino anali mwana wa sukulu wophunzira kutembenuka m'mwamba, chaka chamawa anali kutsika chamutu pamwamba pa mudzi. Ndegeyo siinasinthe. Chinasintha ndi chimene anamangirira kunsi kwa mapiko, ndi munthu amene anapereka lamulo.

Asilikali atagwetsa boma ku Lisbon pa 25 April 1974, mgwirizano wa ku Lusaka unasainidwa pa 7 September chaka chomwecho, ndipo pa 25 June 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Nova Freixo inabwerera ku dzina lake la Cuamba. Ndege za T-6 zinatha ntchito ku Portugal kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene ku South Africa zinapitiriza kuphunzitsa mpaka chaka cha 1995. Lero zotsala zili m'nyumba zosungira zakale kapena m'manja mwa anthu olemera amene amaziulutsa pa zionetsero.

Koma nzeru yosandutsa ndege ya sukulu kukhala yankhondo siinathe ndi T-6. Ku Italy, katswiri wina dzina lake Stelio Frati anapanga kandege kokongola ka mtundu wa SF.260, kamene kholo lake linauluka m'chaka cha 1964. Poyamba kanali ka anthu okonda kuuluka ndi kutembenuka m'mwamba. Kenaka panabwera mtundu wophunzitsira asilikali, ndipo posakhalitsa panabweranso mtundu wotchedwa Warrior, wokhala ndi malo omangirira zida kunsi kwa mapiko. Anansi athu a ku Zambia anagula ndegezi, boma la Ian Smith ku Rhodesia linazipeza mozembetsa pamene maiko anali ataliletsa kugula zida, ndipo Zimbabwe inadzazilandira ngati chuma chamasiye. Ku Brazil, kampani ya Embraer inapanga Tucano, imene inauluka koyamba m'chaka cha 1980 ngati yophunzitsira, ndipo mwana wake, Super Tucano, maiko amamugula ngati ndege yomenyera zigawenga. Njira yake ndi yomwe ija ya T-6.

Nkhani ya Tucano inatifikanso ife. M'chaka cha 2013 boma la Brazil linapempha nyumba yake ya malamulo kuti ilole kupereka ndege zitatu za Tucano kwa Mozambique ngati mphatso. Nthawi yomweyo mfuti zinali zitayambanso kulira pakati pa boma ndi Renamo m'zigawo zapakati, ndipo anthu ena ku Brazil anafunsa ngati ndege zophunzitsirazo sizidzagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya pachiweniweni. M'chaka cha 2016 boma la Brazil linabweza ganizolo. Kaya wina anakondwa kaya anakhumudwa ndi zimenezo, funso limene anafunsa anthu akutali aja ndi limene ife a ku Niassa tinayenera kukhala oyamba kulifunsa, chifukwa yankho lake linagwapo kale pa madenga athu.

Wina anena kuti, kodi mukufuna dziko likhale lopanda ndege zankhondo? Ayi, si zimenezo. Dziko lalikulu ngati lathu, lokhala ndi gombe lalitali ndi malire aatali, liyenera kukhala ndi asilikali a m'mlengalenga, ndipo kuyambira chaka cha 2017 abale athu a ku Cabo Delgado aona chimene chimachitika pamene zigawenga zilowa m'midzi boma lili kutali. Asilikali a m'mlengalenga sangakhalepo popanda ndege zophunzitsira. Ndege payokha ilibe mlandu, monga chikwanje chilibe mlandu. Chimene ndikunena n'chakuti dzina loti "yophunzitsira" lisatigoneke tulo. Pamene boma ligula kapena kulandira ndege zotere, aphungu amene tinawasankha ku Niassa ali ndi udindo wofunsa ku nyumba ya malamulo kuti ndi zingati, zadya ndalama zingati, zidzanyamula chiyani, ndipo ndani adzayankha mlandu ngati bomba ligwera anthu wamba. Kufunsa kotere si kudana ndi asilikali. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono ife a m'midzi ya m'malire tichitepo chiyani? Choyamba, tisunge mbiriyi isanatithawe. Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1967 lero ndi nkhalamba, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda anthu amene anaona zimenezi ndi maso awo. Mabuku a sukulu amanena za 25 September ndi za atsogoleri akuluakulu, koma sanena za mayi amene anatseka pakamwa pa khanda lake m'tchire, kapena za banja limene linawoloka usiku kupita ku Chiponde ndi ku Namwera n'kusiya nkhokwe yodzaza. Aphunzitsi a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba angathe kutuma ana kukafunsa agogo awo n'kulemba zimene amva, m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakuwa. Mawailesi a m'madera athu angathe kupatula ola limodzi pa sabata loti akuluakulu azisimba. Lamya za m'manja zimene tili nazozi zimajambula mawu. Zimenezi sizifuna ndalama za kunja. Ndipo akuluakulu a tauni ya Cuamba angachite bwino kuika chikwangwani pafupi ndi bwalo lija chofotokoza kuti pamalopo panali chiyani kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka 1974, kuti mwana wodutsa ndi njinga adziwe.

Chachiwiri ndi nkhani ya moyo ndi imfa lero lino. Si bomba lililonse kapena roketi iliyonse yogwa kuchokera m'mwamba imene inaphulika. Pamwamba pa zimenezo panabweranso nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 October 1992, nayonso inasiya zake m'nthaka. Ndi zoona kuti m'mwezi wa September 2015 boma linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa m'dziko muno. Koma chilengezo chimenecho chinali cha malo odziwika. Chitsulo chimene chinagwera m'dambo zaka 50 zapitazo palibe anachilemba pa mapu. Masiku ano anthu akutsegula minda yatsopano ya fodya, soya ndi nandolo m'nkhalango zimene kale munalibe munthu, ndipo ogula zitsulo zakale akuyenda m'midzi ndi masikelo awo. Abale anga, mukafukula chitsulo chadzimbiri chooneka ngati botolo, ngati mpope wotsekeka kapena chokhala ndi timapiko kumchira, musachimenye ndi khasu, musachinyamule, musachiike pamoto, ndipo musachigulitse. Ikani chizindikiro patali, letsani ana, kauzeni amfumu ndi apolisi. Kukalamba kwa bomba sikulichotsa ukali.

Chachitatu, tipemphe kuti ndege zazing'ono zibwerere m'mlengalenga mwathu ndi ntchito yopulumutsa. Msewu wa tala wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga watithandiza kwambiri, koma tonse tikudziwa mmene midzi ya kutali ndi msewuwo imakhalira m'miyezi ya January ndi February, milatho ikakokoloka. Makhalidwe omwe aja amene anachititsa T-6 kukhala yoopsa, kuyenda pang'onopang'ono, kuona pansi bwinobwino ndi kutera pa dothi, ndi amene amafunika pa ndege yonyamula mayi wovutika pobereka, yoperekera mankhwala kumalo odulidwa ndi madzi, kapena yoyendera madambo a nyanja za Chiuta ndi Chilwa kumene kumaswanirana dzombe lofiira. Ntchito yoyang'anira dzombe ndi ndege ilipo kale m'maiko a kuno kum'mwera, pansi pa bungwe la maiko angapo limene likulu lake lili ku Ndola, ku Zambia. Bwalo la ku Cuamba lisamangodikira alendo a masuti. Ndipo timabwalo ta dothi ta m'maboma tisatilole kuti timere tchire kapena kugawidwa mapuloti, chifukwa tsiku la chigumula tidzatifuna.

Chomaliza ndikulankhula ndi makolo. M'nthawi ya atsamunda mwana wa ku Ngauma ankaloledwa kuona ndege kuchokera pansi pokha, ndipo akayandikira bwalo inali ntchito yosesa kapena kunyamula migolo ya mafuta. Lero palibe lamulo lomuletsa kukhala pa mpando wa kutsogolo uja. Ku Nampula, kumene sitima yathu imapita, kuli sukulu ya usilikali ya Academia Militar Marechal Samora Machel. Koma khomo la sukulu zotere limatsegukira mwana amene wamaliza kalasi ya 12 ndipo amadziwa masamu ndi sayansi. Mwana amene tamuchotsa pa sukulu kuti azikasintha ndalama pa malire, kapena mtsikana amene tamukwatitsa ali ndi zaka 15, tamutsekera khomolo ndi manja athu. Ine ndikufuna kuti tsiku lina woyendetsa ndege ya dziko lino akhale mdzukulu wa mayi uja amene anagona m'tchire. Munthu wotero, akauzidwa kuti atsike chamutu pamwamba pa madenga a udzu, adzakumbukira zimene agogo ake anamuuza, ndipo adzafunsa kawiri kuti pansipo pali yani.

Madzulo ano, mukatha kudya, funsani wamkulu wa pakhomo panu kuti anali kuti tsiku limene anamva kulira kwa ndege ija koyamba. Ana akhale pomwepo amve.